Kamdala ka m'Gemu ndi Mwendo wa Apongozi

Mukadzandiona pa Namitete ndikudutsa kuseri kwa mashopu, kapusi nditaikokera mpaka m'maso, musadzaganize kuti ndaba kanthu. Ndimakhala ndikuzemba ana asukulu. Akangondizindikira amayamba kukuwa kuti, "Dumpha mdala! Dumpha!" Ngakhale makondakitala a minibasi, anthu oti ntchito yawo ndi kunyengerera okwera, amayamba aseka kaye asanandiuze kuti malo alipo. Nkhani yangayi yakambidwa ndi anthu ambiri, aliyense n'kuthirako mchere wake, ndiye lero ndati ndiikambe ndekha mwini wake. Sikuti ikoma kuposa mmene amaikambira iwowo ayi, koma mwina mtima ungatsikeko.

Kwathu ndi ku Kabudula, koma ndili pa chikamwini m'mudzi wina kumpoto kwa Namitete, kwawo kwa mkazi wanga Enelesi. Tili ndi mwana mmodzi, Tadala. Amene sanakhalepo pa chikamwini sangamvetse. M'nyumba mwako ndiwe bambo, koma ukangoponda panja ndiwe khasu la mudzi wonse. Apongozi anga aamuna, a Mwale, ndi mlimi wa fodya, munthu wopemphera, wosalankhula kawiri. Ali ndi chipewa chachikulu cha mlaza chimene amavula m'tchalitchi mokha. (Nawonso anabwera pamudzipa ngati mkamwini kalekale, koma mmene amanditumira mungaganize kuti anaiwala kuwawa kwake.) Apongozi aakazi timathawana mwa mwambo, akatulukira uku, ine ndimakhotera uko. Ndiye pali alamu anga a Yohane, mchimwene wake wa Enelesi, munthu amene ntchito yake yeniyeni sindiidziwa kupatula kugwira foni ndi kuseka anthu.

Ndisanakwatire ndinkagwira ntchito pa kashopu kokonza mafoni pa Namitete. Kumeneko ndi kumene ndinatengera matendawa. Makasitomala akasowa ndinkaonera mavidiyo a pa intaneti, ndipo amene anandigwira mtima anali a azibambo ena akunja amene amakhala pa sofa, n'kumasewera magemu akalekale a pa tivi, aja ovuta mopanda chifukwa. Gemu ikawakanika amaitukwana, kuinyoza, kuitchula mayina, mpaka kufiira nkhope ngati tomato. Chizungu changa ndi cha Fomu 4, mawu ena ankandipita, koma mkwiyo susowa womasulira. Ndinkaseka mpaka misozi. Ndipo pansi pa vidiyo iliyonse pankaoneka kuti anthu osawerengeka aonera, ndi kuti azibambowo amadya zomwezo. Tangoganizani, munthu kulemera chifukwa chokalipira makina!

Ndinadziuza kuti: m'Chichewa palibe amene akuchita zimenezi, chikhalirecho pa nkhani yonyoza chinthu, Chichewa chilibe mnzake. Ndiye pamene abwana ankatseka shopu, n'kundisiyira katiivi kakang'ono ndi kamakina ka gemu kamene mwini wake sanabwerenso kudzatenga, ndinaona ngati Mulungu wayankha pemphero limene ndinkachita manyazi kulipemphera.

Kamakinako kanali ndi kaseti imodzi yachikasu, yolembedwa zilembo zosawerengeka. Ndikuuzeni za gemu imeneyi kuti mumvetse kuti sindinkakalipa pachabe. Muli kamunthu kafupi, ka chipewa chachikulu, kanyamula thumba kumsana. Ntchito yake ndi kuyenda basi, kupita kudzanja lamanja. Kukupita kuti, palibe akudziwa. M'njira muli maenje, ndipo kumwamba kuli mbalame zoponya miyala. Kanyimbo kake kali ngati udzudzu wolowa m'khutu. Ukadina batani loti kadumphe, kamayamba kaganiza kaye, kenako n'kudumpha katafika kale m'kamwa mwa dzenje. Umapatsidwa miyoyo itatu. Ikatha, umabwerera poyambirira penipeni, ngakhale utayenda mtunda wotani. Ndipo ukangodutsa mtengo wachiwiri pali dzenje limodzi lalikulu limene ndikukhulupirira kuti ngakhale amene anaipanga gemuyo sanalidumphepo. Anangolikumba n'kukagona.

Mpata unapezeka nyengo yosankha fodya. Apongozi anandipatsa kanyumba kosungiramo fodya kuti ndizisankhiramo, n'kundiuza kuti ndizitseka chitseko kuopa kuti mphepo ingaumitse masamba. Sanadziwe kuti andipatsa situdiyo. M'mawa onse akapita kumunda kukakumba mtedza, ine ndinkanyamula batire la sola la apongozi, lija amamvera wailesi, n'kulumikiza katiivi, foni n'kuitsamiritsa pa njerwa. Ndikatero ndinkasanduka munthu wina.

Mavidiyo oyamba anaonedwa ndi anthu ochepa kwambiri. (Ndikachotsapo ineyo, amene ndinkaonera mobwerezabwereza kuti nambala ikwere, pankatsala msuweni wanga wa ku Kabudula ndi munthu wina wosadziwika.) Munthu wosadziwikayo ndi amene anandipha. Analemba pansi pa vidiyo kuti: "Zili bwino achimwene, koma mawu sakumveka. Muzikweza."

Ndinakweza.

Apa ndiyenera kutchula za dzenje lina, lenileni. Chimbudzi cha apongozi chinali chitadzaza, ndiye anandilamula kuti ndikumbe china kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinakumba mpaka m'chifuwa, dothi n'kuyamba kulimba, mtima n'kukumbukira gemu. Ndinatenga mapesi a chimanga n'kuphimba pamwamba kuti nkhuku zingagweremo, ndi cholinga choti ndidzapitiriza mawa. Mawa lake linabwera n'kupita, linzake chimodzimodzi. Apongozi akakumana nane ankatsokomola kaye monga mwa chizolowezi chawo, n'kufunsa kuti, "Mkamwini, dzenje lija lafika pati?" Ine n'kuyankha mwaulemu, manja kumbuyo, kuti, "Latsala pang'ono, bambo."

Tsiku lina m'mawa, apongozi aakazi sanapite kumunda. Ankafunafuna nkhuku yawo imene inkaikira mazira kobisika, ndipo kufunako kunawafikitsa kuseri kwa kanyumba kanga. Ine m'katimo zinali zitandivuta. Kamunthu kaja kanali katandigwetsa mphwayi, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinkakumbukira malangizo a wonditsatira uja. Zimene apongozi anamva kudzera pa mng'alu wa khoma ndi izi:

"Mdala iwe, lero ugwera m'dzenje, ndikukuuza! Chipewa chakocho chikuthandiza chiyani? Yenda! Yenda, wayandikira! Igwa! Eyaa, wagwa! Ifa, ndatopa nawe!"

Ndipo patapita kanthawi: "Ine lero ndafa kawiri, koma musadandaule, moyo wina ndikadali nawo."

Sindinadziwe kuti kunja kunali munthu. Ndinangomva nkhuku ikuthawa.

Mawa lake chakumasana, mbuzi ina inadula chingwe n'kulowera ku mulu wa mtedza. Apongozi aamuna anaithamangitsa, mbuzi n'kuzungulira khola, iwo pambuyo. Mbuzi inadutsa pa mapesi aja bwinobwino chifukwa ndi yopepuka. A Mwale si opepuka. Ndinamva kukuwa ndili m'kanyumba, ndipo pothamangira kumeneko ndinapeza chipewa chili pamwamba pa dzenje, mwini wake ali pansi, mwendo utapindika mosakhala bwino.

Ndinalumphira m'dzenjemo kuti ndiwanyamule. Pamenepo apongozi aakazi, mayi oti chikwatirire sanatulutsepo mawu pamaso panga, anakuwa mudzi wonse n'kumva:

"Asawagwire! Ameneyo asawagwire!"

Ndinaganiza kuti ndi mantha chabe. A Yohane ndi anthu ena anawatulutsa, n'kuwakweza pa ngolo kupita nawo ku chipatala cha pa Namitete. Nditati ndikwere nawo, a Yohane anandikankha pachifuwa ndi chala chimodzi. "Alamu, inu tsalani. Mwagwira kale ntchito yanu." Ndinaganiza kuti akunena za mapesi, ndipo ndinavomereza mumtima kuti pamenepo ndinalakwadi.

Apongozi anabwerako mwendo uli m'chikhakha. Koma pamudzi panasintha mphepo. Ndikamadutsa, azimayi ankakokera ana awo kumbuyo. Ndikapereka moni, anthu ankayankhira kumbali ngati akuyankha mtengo. Pa chigayo ndinapeza mzere wautali, koma nditangoima kumbuyo onse anandipatsa njira kuti ndigayitse msanga. (Ndinakondwera, mbuli ine. Ndinaganiza kuti mavidiyo aja ayamba kufika kwa anthu.) Kenako Tadala anasamutsidwa, akuti azikagona kwa agogo ake.

Enelesi anapirira masiku angapo, kenako m'mawa wina anandipeza ndikusukusula. Anaima patali, manja atapinda pachifuwa, maso atatupa.

"Bambo a Tadala, ndikufunseni chinthu, ndipo mundiyankhe zoona."

"Funsani."

"Kodi inu muli ndi miyoyo ingati?"

Abale, ndinaseka. Ndikanadziwa ndikanaluma lilime, koma ndinaseka mpaka kugwira khoma. Iye anayamba kulira.

"Mukuseka? Amayi anakumvani ndi makutu awo! Munati bambo agwera m'dzenje, agweradi. Munati mwafa kawiri koma moyo wina mukadali nawo. M'kanyumba muja mumayankhula ndi ndani? Munazitenga kuti zimenezi, ku Kabudula?"

Ndinasiya kuseka. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi gemu, kuti mdalayo ndi kamunthu ka pa tivi, kuti miyoyoyo ndi ya masewera. Iye anangopukusa mutu. "Mukafotokoze kwa ankhoswe. Atumiza kale uthenga kwa amalume anu."

Amalume anga anafika Loweruka m'mawa pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze. Asanamwe ngakhale madzi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Mphwanga, tili awiri pano. Ngati unapita kwinakwake kukatenga kanthu kofuna kulemera, ulula kwa ine, tione pothandizira. Anthu ambiri amayamba choncho."

"Amalume, ndi gemu."

"Dzina lake sindikufuna kulidziwa. Ndikufunsa kuti unakatenga kwa ndani."

Nkhani inakambidwa pakhonde la apongozi. Inayenera kukhala ya banja lokha, koma tsiku limenelo mudzi wonse unakumbukira kuti uyenera kudzazonda odwala. Anthu anadzaza pabwalo mpaka ena kukwera pa ngolo. A Mwale anagona pa mphasa, mwendo wa chikhakha atausanjika pa mpando, chipewa chili pamutu. Wotsogolera nkhani anali a Kwenda, amalume ake a Enelesi, mkulu wa mpingo, munthu wodekha. Anatsegula ndi pemphero lalitali lopempha kuti zobisika zonse zionekere poyera. Pempherolo linayankhidwa mopitirira muyeso.

Apongozi aakazi anapereka umboni atandifulatira. Anabwereza mawu anga onse, osaphonya ngakhale limodzi, mpaka kakwezedwe ka mawu komwe. Kumva mayi wamkulu, wa duku loyera la kumpingo, akukuwa kuti "Igwa! Eyaa, wagwa!" kunali koseketsa, koma palibe anaseka. Amalume anga anangowerama n'kumajambula pansi ndi kamtengo.

"Mkamwini, mawuwa ndi anu?" anafunsa a Kwenda.

"Ndi anga, bambo."

Khamu linati, "Hiii!"

"Dzenje anakumba ndani?"

"Ndine, bambo."

"Anaphimba mapesi ndani?"

"Ndine, koma ndinkaopa nkhuku..."

"Ndiye mdala wa chipewa amene munkati agwere m'dzenjeyo ndi ndani?"

Ndinapempha kuti andilole ndikamutenge. Azimayi ena atamva zimenezo anaimirira kukonzekera kuthawa. Ndinabwera nditanyamula katiivi, kamakina ndi batire. (Apongozi aamuna ataona batire lawo anatsokomola. Tsopano anadziwa chifukwa chake wailesi inkazima nkhani zisanathe.) Ndinalumikiza zonse. Kanyimbo ka udzudzu kanalira, kamunthu n'kutulukira pa galasi, chipewa chake, thumba lake.

"Mayo, wawatsekera m'galasi!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Taonani chipewa!"

A Kwenda anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Ndinafotokoza kuti awa ndi masewera a ana akunja, akalekale, ndipo ndinayamba kusewera kuti aone. Ndinadumpha dzenje loyamba. Mbalame inandiponya mwala, ndinafa. "Mwaona? Moyo umodzi wapita, yatsala iwiri." Ndinayambanso. Ndinafika pa dzenje lalikulu lija, ndinadina, kamdala kanaganiza kaye monga mwa nthawi zonse, n'kugweramo. Ndinayesanso, kanagweramonso. Ana amene anakhala kutsogolo anayamba kulowa m'masewera. "Dumpha mdala! Dumpha!" Akuluakulu ena anayamba kumwetulira. Bambo wina anati, "Aa, koma n'zimene zija za m'mavidiyo shoo izi." Ndinaona mapewa a Enelesi akutsika, ndipo amalume anasiya kujambula pansi.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanakhala chete. A Kwenda anali atatsala pang'ono kutseka nkhani. Anangofunsa, mwina pofuna kukhutiritsa mlongo wawo, kuti, "Chabwino, kamunthuka takaona. Koma tidziwa bwanji kuti tsiku lija munkalankhula ndi kameneka?"

Ndikanatha kungoti, "Ndikhulupirireni, bambo." Koma mtima unali utakwera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga ndinali ndi anthu ambiri ondionera. Ndinatulutsa foni monyadira.

"Umboni ulipo. Ndinajambula zonse."

Ndinkafuna kuthamangitsa vidiyoyo mpaka pa mawu amene apongozi anamva, koma a Yohane anandilanda foni. "Tiyambe poyambirira, alamu, kuti pasakhale chobisika." Anailumikiza ku kasipika kawo kamene amayenda nako paliponse, n'kukweza mpaka kumapeto. Ndipo pomwepo ndinakumbukira mmene vidiyoyo inayambira.

Mawu anga anamveka bwalo lonse, osangalala, onenepa:

"Moni nonse ondionera! Lero tabweranso ndi kamdala kathu kaja, a Mwale a m'gemu. Taonani chipewa, eti ndi apongozi anga enieni? Kayendedwe komwe! Ukawauza kuti dumphani, amayamba aitanitsa kaye msonkhano wa mpingo. Mukudziwa zili m'thumbamo? Ndi ntchito za mkamwini, azinyamula kuti akandipatse."

"Alamu, zimitsani," ndinanong'ona.

"Dikirani, ikukoma," anatero a Yohane.

Kenako panamveka kutsokomola. Osati kwa a Mwale a pa mphasa, koma kwanga, m'vidiyo, ndikuwatsanzira. Ndipo ndinawatsanzira bwino, abale, mwina ndi chinthu chokhacho chimene ndinachitapo bwino pamudzi uja. Mawu okhuthala, odekha: "Mkamwini, dzenje lija lafika pati?" Ndiye mawu anga enieni n'kuyankha mokondwa: "Lafika poti mugweremo, bambo!"

Mnyamata wina pa ngolo anaphulika kuseka, mayi ake n'kumuwomba khofi. Kanyimbo ka gemu kokha ndi kamene kankalirabe pa tivi, kamdala kataima m'mphepete mwa dzenje kudikira kuti wina akadine.

"Zimitsani," anatero a Mwale. Sanakweze mawu. A Yohane anazimitsa nthawi yomweyo.

Apongozi anadzuka pang'ono, kutsamira pa chigongono. Sanandiyang'ane ine, anayang'ana a Kwenda.

"Alamu, auzeni anthuwa azipita. Pano palibe ufiti. Masiku onsewa ndimalira kuti mwana wanga ndinam'pereka kwa munthu woipa. Kani ndinam'pereka kwa mwana mnzake." Anatembenukira kwa a Yohane. "Yohane, pita ukatsegule kanyumba kaja, uone fodya amene wasankhidwa."

A Yohane anathamanga ngati atumidwa kukatenga mphatso. Anabwerako atanyamula fodya yense amene ndinasankha nyengo yonseyo. Anamunyamula ndi dzanja limodzi. Anamuika patsogolo pa bambo awo mwaulemu waukulu, ngati chopereka cha m'tchalitchi, n'kubwerera chammbuyo.

Sindikudziwa ngati munayamba mwalakalakapo kuti anthu abwerere ku mlandu woyamba. Ine ndinalakalaka. Pa ufiti ndinali wosalakwa, ndipo ndikanatha kuima mutu uli m'mwamba. Apa panalibe pothawira. Amalume anga anagwada pa fumbi, mkulu wa imvi, n'kuyamba kuwomba m'manja kupepesa m'malo mwanga. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero kuposa zina zonse.

Chigamulo chinali chachifupi. Dzenje ndilimalize ndi kumanga chimbudzi chonse ndekha. Fodya yense ndimusankhe ndi kumudinda m'mabelo, chitseko chili chotsegula. Ntchito za kumunda za apongozi zikhale zanga mpaka mwendo utachira. Akwathu apereke mbuzi yopepesera. Kamakina ndi katiivi zichoke m'manja mwanga. Wina anati ziwotchedwe, koma a Yohane anadzipereka mwachifundo kuti azisunga iwo.

Ndinaperekeza amalume mpaka pa msewu. Atakwera njinga anaponda pedulo kamodzi, n'kuimanso.

"Mbuzi imene tipereke ndi ya amayi ako, ija amaisungira fetereza. Ukawauze wekha chimene yafera. Ine sindingathe."

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo, poti manyazi a pamudzi amatha mvula ikagwa. Sindinadziwe kuti chiyambire mlanduwo mpaka pamene foni yanga inkandipachika, foni ya a Yohane inali m'manja mwa mnzawo, ikujambula zonse: umboni wa apongozi aakazi, kugwa kwanga m'dzenje la pa tivi, nkhope yanga pamene mawu oti "Lafika poti mugweremo" ankamveka, ndi kafodya kaja. Anaziika pa intaneti tsiku lomwelo. Pofika sabata yotsatira, vidiyoyo inali m'mafoni a anthu ku Nsaru, ku Mpingu, mpaka mu mzinda. Msuweni wanga wa ku Kabudula anandiimbira kuti waitumiziridwa ndi anthu osiyanasiyana, ena osadziwa n'komwe kuti ndi m'bale wanga. Kutchuka kumene ndinkakufuna kunabwera ndithu, koma kunafikira pa tsamba la a Yohane. Iwo ndi amene anthu amawatsatira tsopano. Agula kapusi yatsopano ndi magalasi akuda, ndipo akamadutsa ndikusenza njerwa amandiuza kuti, "Alamu, anthu akufunsa gawo lachiwiri."

Chimene chimandipweteka n'chakuti pakati pa ondinyoza panali ena olemba kuti, "Koma mkuluyu ali ndi luso, mmene akuinyozera gemuyo ndaseka." Ndinawerenga mawu amenewo ndili m'dzenje, khasu lili m'manja. Luso lilipo, eti? Nanga ndikalionetsere pa chiyani? Kamakina kali kwa alamu, ana amasewera pakhonde pawo masana onse, ndipo kanyimbo kaja kamandipeza kumunda.

Apongozi aamuna anachira, koma amayenda motsimphina ndi ndodo. Sanandikalipirepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akanatero. Salankhula nane mwachindunji. Akafuna kundituma amaitana Tadala, ine ndili pomwepo, n'kunena kuti, "Kauze mnzako uja kuti khola likufunika denga." Kutsokomola kuja anasiya. Ndimawaona akufuna kutsokomola, n'kukumbukira, n'kumeza. Munthu ndinam'landa ngakhale chifuwa chake.

Enelesi sanandithamangitse, ngakhale amayi ake ankafuna. Tadala anabwerera kunyumba. Koma tsiku lina akuchokera ku mjigo anatula ndowa mwamphamvu madzi n'kutayikira, n'kukhala pansi osandiyang'ana. Ndinafunsa chimene chachitika. Anati azimayi amamufunsa ngati mwamuna wake wamwa kale phala asanapite kosewera.

"Koma amayi a Tadala," ndinatero pofuna kumutonthoza, "si bwino kuti zinadziwika kuti sindine mfiti?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Muli mfiti, anthu ankandimvera chisoni. Ankandithandiza kusenza ndowa. Pano amandiseka."



Ndiye mukandifunsa chimene ndaphunzirapo, ndinganene zambiri zomveka bwino: kuti dzenje ukaliyamba uzilimaliza, kuti apongozi si oseweretsa, kuti foni imasunga ngakhale zimene mwini wake waiwala. Zonsezo ndimazinena a Kwenda akandifunsa, ndipo amagwedeza mutu mokhutira.

Koma sabata yatha anandituma pa Namitete kukagula misomali ndi mahinjesi a chitseko cha chimbudzi. Tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti. Ndikuzemba ana asukulu ndinakhotera kumene amagulitsa ziwiya zakale zamagetsi, ndipo pa chiguduli cha bambo wina, pakati pa mawaya ndi maremoti akufa, panali kamakina kena, ndi kaseti yake yobiriwira. Ndinangoti ndiione chabe. Pa kasetiyo panajambulidwa mayi wojintcha, wa duku kumutu, atagwira tsache ngati mkondo, akuthamangitsa nkhuku. Sindinena kuti amafanana ndi ndani. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo mawu oyambira vidiyo anabwera okha m'mutu, okoma, otsetsereka, oti munthu akawamva agwe nako kuseka.

Sindinagule. Ndine munthu wosinthika, ndipo misomali inkadikira. Ndinangomuuza bamboyo kuti asagulitse kwa wina aliyense mpaka fodya atatuluka ku okushoni.